Zimene Chiswe Chinasiya

Bokosi linafika Lachiwiri,
mvula yowaza ya ku Luwinga itafewetsa kale katoni.
Bambo Harawa anati, Nyaluhanga, tsegula, ulembe manambala,
ife tikukamwa tiyi.

Munali mabuku atatu onenepa, a zikuto zobiriwira,
onunkha chipinda cha eni ake:
makalata a anthu a ku Amereka,
a zaka zimene ankakana mfumu ya Angerezi,
kalekale, ife tisanalote zoikana.

Ndinawerenga chiimire.

Kaputeni wina akulira nsapato.
Asilikali makumi anayi, nsapato zokwana khumi ndi awiri,
chisanu chikudya zala.
Ndinayang'ana mapazi anga, masokosi awiri phazi lililonse.
Juni wa ku Mzuzu nkhani imeneyi amaidziwa.

Mkazi wake akuyankha:
ng'ombe yabereka, mwana watsokomola sabata yathunthu,
mchere wakwera mtengo, ukatigulire singano.
Za ufulu sanatchule.
Singano, anabwereza m'munsi mwa dzina lake.

Kenako kaundula wa wamalonda,
wolembedwa ngati kabuku ka ngongole ka pa okala:
misomali, shuga migolo iwiri, onga wa mfuti,
ndipo pakati pa chingwe cha ngalawa ndi makandulo,
mtsikana mmodzi, zaka ngati khumi ndi zinayi, wamphamvu.
Mtengo wake uli kumanja, pamzere wa mitengo.
Dzina palibe.
Tsamba lotsatira, dzanja lomwelo, inki yomweyo,
akulumbira kuti iye sadzagwadiranso munthu.

Ndinakoka mpando.
Pepala silitsokomola likamanena zotere.
Limangogona chagada, loyera,
kudikira wina adzachite manyazi m'malo mwake.

Kwathu ku Chibavi kuli sutikesi yachitsulo pansi pa bedi,
ya Yotamu Chavula, bambo wa mayi anga,
kalaliki wa pa esiteti mzinda uno usanamere misewu.
Muli khadi la chipani, ziphaso za msonkho,
risiti ya wailesi,
ndi makalata amene analemba ali m'ndende
chaka chija anthu ankatengedwa m'bandakucha.
Ena amalume anapichirira fodya.
Otsalawo chiswe chinalowera pakona:
chinadya moni, chinadya deti,
chinadya dzina la mnzake amene anamenyedwa mpaka khutu kugontha,
nkutisiyira mzere umodzi ndi theka,
uzani Nyachisi asagulitse njinga, ndikubwe

Anzathu akutsidya ali ndi zipinda zozizira,
magolovesi oyera,
munthu wolandira malipiro chifukwa chosunga liwu loti singano.
Ife wowerenga wathu wakhama ndi chiswe.
Sichidumpha tsamba.

Koma sindiwachitira nsanje kwenikweni.
Zipinda zonsezo, mashelefu onsewo,
mtsikana uja sanamupezere dzina.

Bambo Harawa anabwera akupukuta pakamwa.
Wamaliza?
Ndinamata manambala pamisana itatu.
Kumapeto kwa buku, pa mndandanda wa mayina,
pamene akaputeni afola motsata zilembo,
ndinalemba ndi pensulo, timalemba ta nyerere:
mtsikana, tsamba 212.
Ndi mlandu kulemba m'buku la laibulale.
Chikwangwani choletsacho ndinakhoma ndine.

Madzulo ndinatsikira ku Katoto,
ndinagula maenvulopu khumi a khaki,
wakabaza akundidikira, nkhungu ili m'mapewa.
Kunyumba magetsi anali atazima.
Tinakoka sutikesi ija, ine ndi mayi,
foni ikuunika kuchokera m'kapu.
Fumbi la mawu linatsalira m'manja mwathu.

Pa envulopu yoyamba ndinalemba 1,
ndinalowetsamo mzere ndi theka uja mosamala
ngati wonyamula mwanapiye wonyowa.

Nanga njinga ija, ndinafunsa, anagulitsa?

Mayi anaseka mpaka kutsokomola.
Anagulitsa mwezi womwewo.
Ukuyesa tinkadya chiyani?

Ndinatembenuza envulopu,
nazonso ndinalemba.